Momwe mungaunikire ngati asilikali ophunzitsidwa ndi mayiko akunja angathe kuima paokha

Pa 15 Ogasiti 2021 gulu la Taliban linalowa mumzinda wa Kabul popanda nkhondo yeniyeni, ngakhale kuti dziko la America linali litathira ndalama zoposa madola 80 biliyoni pophunzitsa, kulipira ndi kugulira zida asilikali ndi apolisi a Afghanistan, omwe m'mabuku a boma ankawerengedwa kuti ndi pafupifupi 300,000. Zoterezi zinali zitachitikanso ku Iraq mu Juni 2014, pamene asilikali omwe America inawaphunzitsa anathawa mumzinda wa Mosul n'kuusiya m'manja mwa zigawenga za Islamic State zomwe zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi iwo. Mtolankhani, wophunzira kapena aliyense wotsatira nkhani za kum'mawa kwa DR Congo ndi chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique angathe kuona zizindikiro za kugwa kotere nthawi isanakwane, malinga akudziwa poyang'ana.

Poyamba, ikani pambali chiwerengero cha asilikali omwe akuti aphunzitsidwa, chifukwa chiwerengero chimenecho chimangosonyeza kuchuluka kwa anthu amene anadutsa pabwalo la maphunziro. Funsani kuti ndi angati amene amapezekadi pamalo awo antchito, ndipo njira yodziwira ndi kulondola malipiro kuchokera ku likulu mpaka m'thumba la msilikali wamba. Kumene malipiro amadzera m'manja mwa mkulu wa asilikali, mkuluyo amapindula akasunga m'kaundula maina a anthu amene anamwalira, anathawa kapena sanakhalepo n'komwe, popeza ndalama zawo zimatsalira iye. Mu Novembala 2014 nduna yaikulu ya Iraq, Haider al-Abadi, inalengeza kuti kafukufuku wapeza maina 50,000 a asilikali omwe kunalibe. Ku Afghanistan, bungwe la SIGAR, lomwe nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa kuti lizifufuza kayendedwe ka ndalama kumeneko, linachenjeza za vuto lomweli kwa zaka zingapo Kabul asanagwe. Kuipa kwa katangale ameneyu sikuthera pa ndalama zobedwazo. Likulu limakonza nkhondo poganiza kuti pamalo pali gulu lathunthu pamene pali theka chabe, ndipo ochepa amene alipowo amadziwa bwino kuti bwana wawo akudyerera kusowa kwa anzawo.

Mukatha za malipiro, londolani chakudya, mafuta, zipolopolo ndi chisamaliro cha ovulala. Apa m'pofunika kukhalitsa, chifukwa m'pamene maphunziro a alendo amabisa kufooka kwambiri. Mphunzitsi wochokera kudziko lolemera amaphunzitsa nkhondo imene iye amaidziwa, yodalira ndege, makina olumikizirana ndi akatswiri okonza zida, ndipo pamene iye ali pomwepo zonse zimaoneka kuti zikuyenda. Asilikali a Afghanistan anamwazidwa m'timisasa tambirimbiri takutali tomwe tinkalandira zofunika kudzera mumlengalenga, komanso anazolowera kuti nkhondo ikakula ndege za America zibwera kudzawapulumutsa. Anapatsidwa mahelikopita a Black Hawk m'malo mwa a Mi-17 a ku Russia amene amisiri awo ankatha kuwakonza, kotero kuti makampani akunja okonza ndege atachoka mu 2021 ndege zambiri zinayamba kukhala pansi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo mphamvu yankhondo imene ili m'manja mwa mlendo ndi yapachala. Chotero pa chida chilichonse chimene mukuona pa perete funsani kuti amachikonza ndani, zipangizo zake zimachokera kuti, ndipo boma lingathe kuzigula ndi ndalama zake kapena ayi. Funsaninso zimene zimachitika msasa ukazingidwa. Mu Januwale 2012 asilikali a Mali pa msasa wa Aguelhok anatha zipolopolo thandizo lisanafike ndipo ambiri anaphedwa atagwidwa. Mkwiyo wa anzawo ndi mabanja awo unali chimodzi mwa zinthu zimene zinabweretsa kulanda boma mu Malichi chaka chomwecho.

Chachitatu ndi kuyang'ana amene amakwezedwa pa maudindo. M'dziko losakhazikika mtsogoleri nthawi zambiri amaopa asilikali ake kuposa zigawenga zimene zili kutali ndi likulu, motero amaika pamwamba anthu okhulupirika kwa iye, a mtundu wake kapena a chipani chake, n'kukankhira kumbali odziwa ntchito. Nouri al-Maliki, yemwe anali nduna yaikulu panthawiyo, anachita zimenezi ku Iraq asilikali a America atachoka mu 2011, ndipo pa tsiku limene Mosul anagwa akuluakulu ena a asilikali ndi amene anayamba kuchoka. Mphunzitsi wakunja alibe mphamvu pa nkhani imeneyi: angaphunzitse msilikali kuombera bwino, koma sasankha amene adzamulamulire. Mantha a atsogoleriwo si opanda maziko. Kaputeni Amadou Sanogo, amene analanda boma la Mali mu 2012, anachitapo maphunziro ku America, ndipo Assimi Goïta analanda boma kawiri, mu 2020 ndi mu 2021, pamene bungwe la European Union linali likuphunzitsa asilikali a dzikolo kuyambira 2013. Mukaona kuti gulu lolondera mtsogoleri lili ndi zida zabwino ndi malipiro apanthawi yake pamene omenya nkhondo kumalire akusowa nsapato, dziwani kuti boma lasankha kale chimene likufuna kuteteza.

Kenaka mverani anthu a m'dera limene asilikaliwo akugwira ntchito. Ku Mosul anthu ambiri, omwe ndi Asilamu a Chisuni, ankaona asilikali a boma ngati gulu lachilendo lowazunza pa malo ofufuzira a m'misewu, ndipo gulu lankhondo limene anthu akulida silimva mphekesera za mdani mpaka mdaniyo atafika. Ku Mali, lipoti la United Nations linapeza kuti anthu osachepera 500 anaphedwa ku Moura mu Malichi 2022 ndi asilikali a boma pamodzi ndi ankhondo achilendo. Zigawenga sizisowa olowa m'gulu lawo pambuyo pa nkhanza zotere.

Musalole kuti mbiri yabwino ya kagulu kamodzi ka akatswiri ikuphimbeni m'maso. Makomando a Afghanistan anamenya nkhondo molimba, ndipo gulu lapadera la Iraq lolimbana ndi uchigawenga ndi limene linatsogolera polanditsa Mosul mu 2016 ndi 2017, koma timagulu totere n'tochepa ndipo timatopa chifukwa chotumizidwa paliponse pamene ena alephera. Musathamangirenso kunena kuti asilikali ogonjawo ndi amantha. Mu Januwale 2019 Ashraf Ghani, yemwe anali pulezidenti wa Afghanistan, ananena kuti asilikali ndi apolisi oposa 45,000 anali atafa chilowereni iye m'boma mu 2014, ndipo anthu amene anafa mochuluka chotere sayenera kunyozedwa. Chimene chinatha mu 2021 ndi chikhulupiriro chakuti pali boma loyenera kulifera ndiponso loti likhalapobe mawa.

Pachifukwa chimenechi, unikaninso mlendoyo, makamaka nthawi imene wanena kuti achoka ndi amene akukambirana naye. Mgwirizano wa ku Doha wa pa 29 Febuluwale 2020, wonena za kuchoka kwa asilikali a America ku Afghanistan, unali wa America ndi Taliban, boma la Afghanistan silinasaine nawo, ndipo kuyambira pamenepo mkulu aliyense wa asilikali m'chigawo ankadziwa kuti mthandizi wake akupita pamene mdani akutsala. Ambiri anagonja pokambirana kudzera mwa akuluakulu a m'midzi, ndipo kuchokera pa 6 Ogasiti 2021, pamene mzinda wa Zaranj unagwa, mpaka kugwa kwa Kabul panadutsa masiku 9 okha. Yerekezani ndi boma lakale la Afghanistan lotsogozedwa ndi Najibullah, limene asilikali a Soviet Union analisiya mu Febuluwale 1989 koma linakhalabe mpaka Epulo 1992, n'kugwa miyezi yochepa thandizo la mafuta ndi zida litaima. Malipoti a aphunzitsi enieniwo muziwawerenga mosamala, popeza wolemba amakhala akuunika ntchito yake yomwe, ndipo kawirikawiri amakhala m'dzikomo chaka chimodzi kapena miyezi yochepa asanasinthidwe. Zoona zimatulukira pamene wina wafunsidwa mwachindunji, monga mu Seputembala 2015 pamene mkulu wa asilikali a America, Lloyd Austin, anauza aphungu a America kuti mwa anthu ophunzitsidwa pa ndondomeko ya madola 500 miliyoni ya ku Syria, 4 kapena 5 okha ndi amene anali akumenyabe nkhondo.

Mafunso amenewa agwiritseni ntchito pa nkhondo zimene zatiyandikira. Mu 2013 asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, pansi pa United Nations, anathandiza asilikali a DR Congo kugonjetsa gulu la zigawenga la M23, koma mu Januwale 2025 gulu lomwelo linalanda Goma, ndipo asilikali a Malawi anali m'gulu la amene anafa pa nkhondo ya masiku amenewo. Ku Mozambique, tauni ya Mocímboa da Praia inakhala m'manja mwa zigawenga kuyambira Ogasiti 2020 mpaka asilikali a Rwanda atathandiza kuilanditsa mu Ogasiti 2021, chaka chomwe European Union inayamba kuphunzitsa asilikali a dzikolo. Pamene boma likufuna kutumizanso ana athu kukathandiza dziko lina, aphungu ndi atolankhani afunse kaye ngati asilikali a eni dziko akulandira malipiro awo, ndani akuwalamulira, ndiponso ndani adzagwire malo amene athu adzalanditse tsiku limene adzabwerere kwawo.