Lamba wa chigayo ankaduka pafupipafupi: tidasiya kugula wina n'kuyamba kufunsa mafunso

Lamba ankatentha, kudyeka mbali imodzi, kenako kuduka. Tidagula wina, tidakungitsa kwambiri, tidasintha ndi sitolo yomwe, koma ayi ndithu. Chomwe chinkatisokoneza ndi chizolowezi chothamangira kusintha chimene chaduka, osafufuza chimene chachidula.

Poyamba tidalemba m'kope zimene maso aona zokha: mbali yodyeka, phokoso, nthawi yomwe kutentha kumayamba. Zongoganizira monga "malamba a masiku ano ngachabe" tidaziika tsamba lina.

Kenako njira ya kukampani ya Toyota yofunsa "chifukwa chiyani" kasanu, ndipo apa ndiye padagona nkhani. Lamba akudyekeranji mbali imodzi? Mapule, mawilo omwe lamba amazungulirapo, sakuyang'anizana. Chifukwa? Mota yasuntha. Yasunthiranji? Mabauti apansi amamasuka. Akumasukiranji? Chigayo chikunjenjemera. Nanga kunjenjemerako? Mahamala, zitsulo zophwanya chimanga m'kati mwa chigayo, adatha mosiyana, kulemera sikufanana. Yankho lililonse tinkapita kukaliona ndi kuligwira tisanafunse lotsatira, apo ayi mafunsowa amasanduka macheza a pakhonde.

Pokonza, magetsi tidazimitsa kaye. Tidaika mahamala atsopano seti yonse, kuwongola mapule pokoka chingwe m'mbali mwake mpaka chikhudze onse awiri mofanana, n'kumanga mabauti, chimodzichimodzi. Lamba asakhale gwa: mukamudinikiza pakati, alowe pafupifupi mamilimita 16 pa mita iliyonse yapakati pa mapulewo.

Muzisintha chinthu chimodzi, kuyatsa, n'kulemba zotsatira. Mukasintha zonse pamodzi simudziwa chomwe chathandiza. Zida zake: kope, chingwe ndi masipanala. Ndalama idapita ku mahamala okha.