RAID ikumangidwanso mwachidodo? Fufuzani kaye amene akukoka miyendo

Seva ya Linux pa ofesi, madisiki mwawamanga pamodzi ndi pulogalamu ya mdadm kukhala RAID, kutanthauza gulu la madisiki ogwira ntchito ngati imodzi kuti ina ikafa mafayilo asatayike, imodzi yafa, mwathamanga ku Old Town kukagula ina, mwaika, mwalemba mdadm --add ndiye mukudikira kuti ithe kudzaza. Mukalemba cat /proc/mdstat mukupeza speed=1000K/sec ndipo finish ikunena maminitsi opitirira 60000, abwana nawo akubwera pakhomo la kachipinda ka seva kudzafunsa kuti zitha liti. Pa liwiro limenelo disiki ya 4TB imatenga pafupifupi mwezi ndi theka, pomwe disiki yabwinobwino yoyenda 150MB pa sekondi imamaliza pa maola 7 kapena 8.

Musanagwire chilichonse koperani mafayilo ofunikira muike pena. Ndikunenetsa. RAID 1 (madisiki awiri osunga zofanana) kapena RAID 5 (madisiki atatu kapena kuposa ogawana zosungidwa) ikasowa disiki imodzi ndiye kuti palibenso chokugwirani, ndipo nthawi yomanganso ndi imene madisiki otsalawo akuwerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto osapuma, ngati pali ina yodwala imaonekera pamenepa.

Tsopano ija 1000 ija sinabwere mwangozi. Linux ili ndi malire awiri, speed_limit_min ndi speed_limit_max, onse ali mu /proc/sys/dev/raid/. Wapansi umabwera uli 1000, wapamwamba 200000, ma KB pa sekondi pa disiki iliyonse. Ganizo lake ndi loti seva ikakhala kuti anthu akuigwiritsa ntchito, kumanganso kuja kumapatuka kupereka njira mpaka kutsikira ku malire apansi, ikakhala phee kumathamanga mpaka apamwamba. Ndiye mukaona liwiro lakakamira pafupi ndi 1000 ndendende, dziwani kuti china chake chikulemba kapena kuwerenga pa RAID yo mosalekeza, mwina database, mwina makamera a CCTV amene akusunga zithunzi momwemo usana ndi usiku, mwina backup imene munaiika kuti iziyamba yokha. Lembani izi muli root, akaunti ya woyang'anira seva:

sysctl -w dev.raid.speed_limit_min=50000

Dikirani mphindi imodzi muonenso mdstat. Liwiro likalumpha, vuto linali lomwelo. Koma dziwani kuti anzanu a ku accounts ayamba kudandaula kuti system yalemera, bola kuchita zimenezi cha m'ma 5 madzulo anthu akamathamangira ma minibasi, m'mawa muibwezeretse. Mukarestarta mashini nambalayo imabwerera yokha pa 1000.

Ambiri amathera pamenepa, amaika 500000 kumtunda ndi kumunsi kenaka n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Nambala imeneyi imangopereka chilolezo, siyipatsa disiki mphamvu. Zili ngati ngolo, ng'ombe imodzi ikatsimphina olo muzikwapule zonse ngoloyo iyendabe paliwiro la yotsimphinayo. Ndiye ntchito yeniyeni ndi kupeza yotsimphinayo.

Ikani sysstat, phukusi limene muli iostat, ngati mulibe, mulembe iostat -x 5 muziyang'ana mzere wa disiki iliyonse. Mukaona imodzi %util (mmene yatanganidwira) ili pa 100, await yake (nthawi yodikira yankho) ili m'mwamba pomwe zinzake zikungodikira, mwaipeza. Ngati ndi imodzi mwa zakale zija, ifunseni ndi smartctl -a /dev/sdb, musinthe chilembocho malinga ndi yanu. Osangoona mawu oti PASSED n'kusangalala, disiki imatha kulemba PASSED ili pafupi kufa. Yang'anani Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector, makamaka yachiwiriyi, ikakhala kuti si 0 ndiye kuti pali malo amene disiki ikulephera kuwerenga, imayesa, kuyesanso, kuyesanso, RAID yonse ili chiimire kudikira. Mu dmesg, command yoonetsa mauthenga a Linux, mudzaona mizere ya ata yonena za error kapena hard resetting link ikubwerezabwereza. Zikatero musakwezenso liwiro, bwererani ku backup ija muonetsetse kuti ndi yathunthu.

Pali kanthu kena apa kamene kamapha ma RAID ambiri. Madisiki wamba a pa desktop amatha kulimbana ndi malo oonongeka kwa nthawi yaitali kuposa masekondi 30 amene Linux imadikira, ndiye Linux imaganiza kuti disiki yafa n'kuitaya kunja. Yesani smartctl -l scterc,70,70 /dev/sdb kuti iziyesa masekondi 7 okha basi. Ikakana, ndipo zotchipa zambiri zimakana, lembani 180 mu /sys/block/sdb/device/timeout. Zonse ziwirizi nthawi zambiri zimafufutika mashini akazima.

UDMA_CRC_Error_Count ikamakwera, imeneyo si disiki, ndi chingwe cha SATA kapena polowetsa pake. Fumbi la Lilongwe lino m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala limalowa paliponse, thimitsani bwinobwino, puputani, sinthani chingwe. Mu dmesg fufuzaninso mawu oti SATA link up, pazikhala 6.0 Gbps, mukapeza 1.5 ndiye kuti mwina Linux yatsitsa yokha chifukwa cha ma error kapena bolodi ndi yakale kwambiri. Poti mwatsegula kale, onani ngati mafani akuzungulira, smartctl yomweyo imaonetsa kutentha kwa disiki.

Nanga yotsimphinayo ikakhala yatsopano imene mwangogulayo? Apa ndi powawa. Poyamba onani pomwe mwailumikiza, ngati ili m'kabokosi ka USB pa doko la USB 2.0 simupitirira 35MB pa sekondi olo mutani, 4TB ndi pafupifupi maola 32. Koma chimene chimagwira anthu kwambiri ndi madisiki a SMR. Amenewa amalemba mizere yosanjikizana kuti mulowe zambiri, ndiye akafuna kusintha mzere umodzi amayenera kulembanso oyandikana nawo. Ali ndi kamalo kosungirako kaye zinthu, kakadzadza liwiro limagwa chagada. Chizindikiro chake n'chakuti imayamba bwino zedi, kenaka imatsika mpaka kumaima kumene, n'kudzukanso pang'ono, n'kugwanso, makamaka anthu akamalembanso pa seva nthawi yomweyo. Mu 2020 zinadziwika kuti ma WD Red ena a 2TB mpaka 6TB anali a SMR koma osalembedwa pa bokosi, pambuyo pake kampaniyo inatulutsa dzina la Red Plus la madisiki a CMR, amene mizere yake siyisanjikizana. Makampani ena nawonso ali ndi a SMR, ndiye tengani model number mu smartctl -i muifufuze pa intaneti. Wogulitsa mu shopu akakuuzani kuti zonse ndi chimodzimodzi bwana, 4TB ndi 4TB, musatsutsane naye, ingofufuzani muli pomwepo pa foni. Palibe command yochiza SMR. Mutha kuisiya imalize ngati ingathe, koma ine sindingaisiye mu RAID.

Musasokoneze zimenezi ndi kutsika kwa pang'onopang'ono. Disiki yozungulira imathamanga kumayambiriro, ikamafika kumapeto imatha kutsika mpaka theka, zimenezo ndi chilengedwe chake.

Kwa amene muli ndi RAID 5 kapena 6, madisiki onse ali bwino koma palibe imene ikufika 100 pa iostat, kwezani stripe_cache_size, malo a mu RAM amene RAID imasungirako kaye zinthu. Imabwera ili 256.

echo 8192 > /sys/block/md0/md/stripe_cache_size

Imadya RAM, 4KB kuchulukitsa nambalayo kuchulukitsa kuchuluka kwa madisiki, kutanthauza 128MB pa madisiki anayi. Pa RAID 1 fayiloyi kulibe, musavutike kuifuna.

Nthawi zina sikuti ikuchedwa, siyinayambe n'komwe. Mdstat ikalemba DELAYED ndiye kuti pali RAID ina pa madisiki omwewo imene ikumangidwa, yanuyi ili pa mzere. Ikalemba resync=PENDING komanso auto-read-only, lembani mdadm --readwrite /dev/md0 iyamba. Ndipo mawu akakhala check osati recovery, kumeneko ndi kuyendera chabe, pa Debian kumachitika Lamulungu loyamba la mwezi.

Za magetsi nonse mukudziwa mmene zimakhalira kuno. Musayambe ntchito ya maola 8 UPS yake ili ndi mabatire otha, ndipo funsani alonda ngati mu jenereta muli mafuta a usiku wonse. UPS ikayamba kulira bola kuthimitsa seva mwadongosolo, mukayatsanso RAID imapitiriza pomwe inalekezera. Ikamaliza zonse onani mu mdstat ngati pali mzere wa bitmap, kaundula wa malo amene akulembedwa, ngati palibe lembani mdadm --grow --bitmap=internal /dev/md0. Magetsi akadzathima mwadzidzidzi idzangokonza malo amene amalembedwa nthawi imeneyo mmalo moyenda disiki yonse. Pa disiki yatsopano bitmap sithandiza, imeneyo idzadzazidwabe yonse.