Njoka ya pansi pa khola la nkhunda

Mazira a nkhunda zanga ankangosowa, mpaka m'mawa wina ndinapeza njoka itadzipinda pansi pa khola, ikuchita phokoso loopsa. Kuona mawanga ake, mtima unangoti phwii: mphiri! Mwana wanga anathamangira khasu, ine n'kumuletsa.

Ndinaijambula pa foni ndili patali, kenako ndinakulitsa chithunzicho. Mphiri imakhala yonenepa, mutu wake waukulu wamakona atatu. Iyi inali yowonda ngati chala, kamutu kosasiyana kwenikweni ndi khosi. Phokosolo silinkachokera kukamwa ayi, inkangokwechesa mamba ake. Chapafupi panali zigoba za mazira zophwanyika, zimene inalavula itamwa zam'kati. Basi, ndi njoka yodya mazira ija, yopanda poizoni.

Ndinaikankhira m'ndowa ndi mtengo wautali n'kukaisiya kudambo. Kholalo ndalitchinga ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono.