Momwe mungamalizire digiri ku America ndi maphunziro anu akale komanso mayeso a CLEP

Ku America digiri yoyamba amaiwerenga m'makirediti. Pamafunika makirediti 120, ndipo phunziro limodzi la semesita imodzi kawirikawiri limabweretsa makirediti 3, ndiye kuti digiri yonse ndi maphunziro ngati 40. Munthu amene anayambapo koleji n'kulekezera panjira chifukwa cha fizi, ntchito kapena ana, kaya kwathu ku Malawi kaya ku America komweko, safunika kuyambiranso pachiyambi. Makirediti akale amasamutsika, ndipo ena mumawapeza pongolemba mayeso, monga a CLEP, osalowa m'kalasi. Koma zinthu zimayenera kutsatana bwino: sukulu kaye, kenako iwerengere zakale zija, mayeso pambuyo. Ambiri amathamangira mayeso, n'kudzamva mochedwa kuti sukulu yomwe asankha siwalandira.

Yambani ndi ma transcript

Lembani koleji iliyonse yomwe munalembetsako, ngakhale yomwe munangokhalako semesita imodzi n'kulephera. Sukulu yatsopano idzafuna zonse, ndipo kubisa imodzi kungakuchotsetseni zikadziwika. Transcript, chikalata chosonyeza maphunziro anu ndi malikisi ake, yovomerezeka imachoka ku sukulu yakale kupita ku yatsopano mwachindunji. Ya m'chikwama mwanu, yomwe envulopu yake munatsegula kale, ndi yongowerengera nokha. Ngati munasiya ngongole ya fizi, kambiranani nawo msanga, chifukwa masukulu ena amagwira transcript mpaka mutalipira.

Amene anaphunzira kunja kwa America ali ndi sitepe ina. Transcript yawo imayenera kuunikidwa ndi bungwe lomwe lili mu NACES, mgwirizano wa mabungwe ounika mapepala a sukulu zakunja, monga WES kapena ECE. Pemphani lipoti la course-by-course, lomwe limatchula phunziro lililonse ndi makirediti ake a ku America. Lotchipa lija la document-by-document limangonena kuti muli ndi dipuloma, ndipo silisamutsa kirediti ndi imodzi yomwe. Musanalipire, funsani sukulu yatsopanoyo mabungwe omwe imawakhulupirira, poti si onse amalandiridwa paliponse.

Kumbukiraninso kuti maina anasintha. Amene anaphunzira ku Poly ayambe kufunsa ku MUBAS, a ku Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine afunse ku KUHeS, kutsatira kugawidwa kwa University of Malawi mu 2021. A ku Bunda afunse ku LUANAR. Satifiketi ya MSCE imakuthandizani kulowa koleji basi, makirediti sibweretsa. Ngati muli ndi ma course outline akale, asungeni bwino, adzakuthandizani pomwe sukulu ikukayikira zomwe munaphunzira.

Sankhani sukulu poona malamulo ake osamutsira

Mayunivesite ambiri amafuna kuti makirediti 30 omaliza muwachite kwa iwo, ndipo amaika malire pa omwe mungapeze ndi mayeso. Pali masukulu atatu omwe anakhazikitsidwira anthu akuluakulu obwera ndi makirediti a uku ndi uku: Excelsior University ku Albany, New York, yomwe inayamba mu 1971, Thomas Edison State University ku Trenton, New Jersey, ya 1972, ndi Charter Oak State College ku New Britain, Connecticut, ya 1973. Excelsior imalandira makirediti ofika 113 pa madigiri ena, otsala 7 n'kuchitira kwa iwo. Charter Oak imafuna phunziro loyambira lotchedwa cornerstone ndi lomalizira lotchedwa capstone. Thomas Edison imalola kulipira chindapusa m'malo mochita maphunziro ambiri kwa iwo. Malamulowa amasintha chaka ndi chaka, choncho werengani catalog ya chaka chomwe mukulembetsa.

Sukulu iliyonse yomwe mungasankhe, ifufuzeni pa webusaiti ya CHEA, bungwe loyang'anira mabungwe ovomereza masukulu, kapena ya unduna wa zamaphunziro wa America kuti muone bungwe lomwe linaivomereza. Excelsior ndi Thomas Edison zili pansi pa Middle States, pomwe Charter Oak ili pansi pa NECHE. Sukulu yolonjeza digiri m'masabata awiri pongoona "luso la m'moyo wanu" ndi yogulitsa mapepala.

Werengetsani zakale, mujambule mipata yotsala

Mukalembetsa, sukulu imakutumizirani chikalata chosonyeza phunziro lililonse lomwe yalandira ndi pomwe yaliika. Apa mpofunika kudekha, chifukwa kulandiridwa kwa kirediti n'kosiyana ndi kugwira ntchito kwake. Digiri ili ndi zigawo zitatu: maphunziro a aliyense monga kulemba Chingerezi, masamu, sayansi ndi mbiri, maphunziro a ntchito yomwe mukuphunzirayo, ndi ena osankha mwakufuna kwanu. Munthu wa dipuloma ya ulimi akasankha digiri ya accounting, makirediti ake ambiri amakathera m'chigawo chachitatu chija, ndipo chikadzaza otsalawo amangokhala. N'chifukwa chake madigiri a Liberal Arts kapena General Studies amatha msanga, ali ndi malo ambiri oikamo zakale. Koma ngati bwana wanu kapena sukulu ya masters ikufuna digiri ya business, kufulumirako sikukuthandizani.

Zina zomwe zimadula makirediti ndi izi. Giredi yochepera C nthawi zambiri siisamuka. Makirediti a koleji yogawa chaka m'makota m'malo mwa masemesita amataya gawo limodzi mwa magawo atatu: makirediti 45 a kota ndi 30 a semesita. Maphunziro a kompyuta ndi a zaumoyo omwe apitirira zaka zingapo masukulu ena amawakana kuti anakalamba. Phunziro likakanidwa inu mukuona kuti likufanana ndi lawo, tumizani course outline ija, mupemphe aunikenso. Nthawi zina zimatheka.

Tiyerekeze kuti alandira 54. Otsala ndi 66: 18 a maphunziro a aliyense, 12 osankha mwakufuna, 6 oyambira a ntchito yanu, ndi 30 a pamwamba. Oyamba 36 aja mungawapeze ndi mayeso. Enawo 30 ndi nkhani ina, tiifika.

Lembani mayeso oloza mpata umodziumodzi

CLEP ndi ya bungwe la mayeso la College Board ndipo ili ndi mayeso 34. Ambiri ndi a mphindi 90, osankha yankho pa kompyuta. Malikisi amayambira 20 kulekeza 80, ndipo bungwe la ACE, lomwe limaunika mayeso otere, limalangiza masukulu kupereka makirediti kuyambira pa 50, ngakhale ena amafuna oposa pamenepo. Mayeso ambiri amapatsa makirediti 3, koma Biology ndi College Composition amafika 6. Mtengo wake ndi pafupifupi madola 100, kuphatikizapo kandalama kena ka malo olembera. Bungwe la Modern States lili ndi maphunziro aulere a pa intaneti okonzekeretsa CLEP, ndipo mukamaliza limapereka voucha yolipirira mayesowo. Zotsatira zimatuluka pa sikirini mukangomaliza, kupatula mayeso a nkhani zolemba. Mukalephera mumadikira miyezi 3, ndiye musalowe musanayese mafunso oyeserera ndi wotchi pambali n'kumakhoza bwinobwino.

DSST, pulogalamu ina yofanana ndi CLEP, yoyendetsedwa ndi kampani ya Prometric, ili ndi mayeso oposa 30. Okhozera ndi malikisi 400, nthawi yake ndi maola awiri, ndipo olephera amadikira masiku 30. Thomas Edison ili ndi mayeso akeake otchedwa TECEP. Excelsior inali ndi UExcel koma inawasiya mu 2022, choncho malangizo akale omwe akuwatchulabe musawatsatire. Palinso Sophia, Study.com, StraighterLine ndi Saylor Academy, omwe ali ndi maphunziro a pa intaneti ounikidwa ndi ACE kapena bungwe linzake la NCCRS. Dziwani kuti ACE imangolangiza, yopereka kirediti ndi sukulu.

Musanalipire mayeso alionse, lemberani imelo mlangizi wanu wa pasukulu, mumufunse kuti mayeso akutiakuti adzatseka mpata uti, ndipo yankho lake mulisunge. Izi zimapewetsa vuto lofala kwambiri, lobwereza phunziro. Ngati munakhoza kale Introduction to Psychology ku koleji, CLEP ya Introductory Psychology siiwonjezera kanthu, ndalama yangopita. Yambani ndi phunziro lomwe mukulidziwa kale chifukwa cha ntchito yanu kuti muzolowere kafunsidwe kake. Mayeso a mbiri ndi boma la America musawaderere. Amene sanaphunzire sekondale kumeneko amafunika masabata angapo owerenga mwakhama.

Makirediti a pamwamba

Apa ndi pomwe ambiri amatsakamira. Maphunziro a nambala za m'ma 100 ndi 200 ndi a pansi, a m'ma 300 ndi 400 ndi a pamwamba, ndipo madigiri ambiri amafuna a pamwamba 30 kapena kuposerapo. Mayeso onse a CLEP ndi a pansi. Maphunziro a ku community college, makoleji a zaka ziwiri, nawonso amawerengedwa a pansi. Munthu angathe kuunjika makirediti 130 koma osamaliza digiri chifukwa a pamwamba ali ndi 6 okha. Owapeza ndi ena mwa mayeso a DSST ndi TECEP, maphunziro ena a Study.com, ndi makalasi a sukulu yeniyeniyo. Ndalama zanu zambiri zidzapita kuno, ndiye konzani gawoli poyamba, zotchipa zija zidzaze potsala. Capstone imakhala ndi kafukufuku wolemba masamba ambiri, ndipo kawirikawiri salola kuiyamba musanamalize maphunziro a kulemba Chingerezi ndi ambiri a ntchito yanu.

Omwe njirayi ingawavute

Makirediti a mayeso nthawi zambiri amalembedwa kuti mwakhoza, popanda giredi, kotero GPA yanu, avereji ya magiredi anu, imachokera pa makalasi ochepa okha. Ofuna kudzalowa unamwino, udokotala kapena pharmacy achite sayansi m'kalasi yokhala ndi labu, poti masukulu ambiri a ntchitozi salandira Biology kapena Chemistry ya CLEP. Auinjiniya aone ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi ABET, bungwe lovomereza maphunziro a uinjiniya. Thandizo la boma la America lopemphedwa ndi fomu ya FAFSA limalipira makalasi a pasukulu, mayeso a CLEP ndi DSST mumadzilipirira. Amene ali pa viza ya ophunzira ya F-1 amayenera kuchita makirediti 12 pa semesita, ndipo mwa amenewa a pa intaneti amaloledwa 3 okha, choncho sukulu ya pa intaneti yokhayokha siingasunge viza yawo.

Ngati cholinga chanu n'kudzagwira ntchito ku Malawi, lemberani a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ku Lilongwe musanalipire fizi yoyamba. Atumizireni dzina la sukulu ndi la pulogalamu, muwauze kuti makirediti ena ndi a mayeso, muwafunse momwe adzaiwerengere digiriyo mukadzabwera nayo.