Mmene mungapezere kapena kudzipangira mayonezi okoma muli kunja kwa dziko

Munthu amene anakulira ku Malawi akasamukira ku Britain amadziwiratu kuti adzasowa ufa woyera, usipa ndi chambo, koma saganizirako zoti angadzasowe mayonezi, chifukwa mayonezi ali mbwee m'masitolo onse, kaya ndi Tesco, Asda kapena Aldi. Vuto limadzaonekera tsiku limene mwapatsidwa ntchito yokonza saladi wa pa chinkhoswe, mwadula kabichi ndi kaloti bwinobwino, mwathira mayonezi a Hellmann's, kenako mwalawa n'kupeza kuti saladiyo ndi wonona koma wozizira m'kamwa. Ambiri amathamangira kuwonjezera mchere, pamene chimene chikusoweka si mchere ayi.

Mayonezi amene ambirife tinazolowera m'masitolo a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ndi ochokera ku South Africa, makamaka a Crosse & Blackwell ndi a Nola, ndipo pa botolo lodziwika kwambiri la Crosse & Blackwell pamalembedwa mawu akuti Tangy, kutanthauza kuti ndi owawasirako. Amakhala ndi viniga womveka pa lilime komanso kashuga pang'ono. Mayonezi ambiri a ku Britain ndi ku America amatsamira kwambiri pa mafuta, moti ku America lamulo limati chinthu sichingatchedwe mayonezi ngati mafuta ake safika magawo 65 pa 100 alionse. Choncho chimene m'kamwa mwanu mukulira ndi kuwawasa ndi katsekemera kakang'ono kaja, ndipo mukazindikira zimenezi, ntchito yotsalayo ndi yochepa.

Njira yosavutitsa thupi ndiyo kufufuza sitolo yogulitsa zakudya za ku South Africa. Masitolo otere alipo m'mizinda yambiri ya ku Britain, ndipo ku London amapezeka makamaka cha kumwera chakumadzulo, m'madera a Wimbledon ndi Southfields kumene kunakhazikika anthu ambiri ochokera ku South Africa. Ena mwa iwo amatumiza katundu mukaitanitsa pa intaneti. Mtengo wake umakhala wokwererapo, koma botolo ndi lomwe lija. Masitolo a anthu a ku Poland, amene ali pafupifupi m'tawuni iliyonse, amagulitsa mayonezi a Winiary ndi a Kielecki, ndipo a Kielecki ali ndi mphamvu ya viniga ndi mastadi (mustard, zokometsera zachikasu zopangidwa ndi njere za mpiru) yoyandikirako ku zimene tikufuna. A Kewpie a ku Japan ndi okoma kwambiri chifukwa amapangidwa ndi chikasu cha dzira chokha, koma kakomedwe kake ndi kena, ndipo ine sindingawaike mu saladi wa pa ukwati wa Chimalawi. Amene ali ku America angayese a Duke's, omwe ndi owawasirako ndipo alibe shuga, n'kudzithirira okha kashuga. Zotumiza m'bale kuti akutengereni botolo kuchokera kumudzi ndinazisiya kalekale, chiyambire pamene botolo langa linaswekera m'sutikesi, pakati pa zitenje zatsopano ndi thumba la ufa, moti fungo la viniga silinachoke m'sutikesimo mpaka ndinaitaya.

Ngati sitolo zoterezi zili kutali, mukhoza kukonza mayonezi wamba amene muli nawo kale. Pa masupuni aakulu anayi a mayonezi, thirani supuni imodzi yaing'ono ya viniga woyera, theka la supuni yaing'ono ya shuga ndi kamastadi kochepa, takasani, ndipo mudikire mphindi khumi kuti shugayo asungunuke musanalawe. Njira ina ndi kusakaniza masupuni atatu a mayonezi ndi supuni imodzi ya salad cream, msuzi woyererako umene kampani ya Heinz yakhala ikugulitsa ku Britain kuyambira 1914, umene uli ndi mafuta ochepa koma viniga wambiri. Pa saladi wa kabichi, anthu ambiri sangasiyanitse ndi wa kwathu.

Komabe mayonezi odzipangira nokha amaposa onsewa, ndipo zofunika zake zili kale m'khitchini mwanu. Mufunika chikasu cha dzira limodzi lalikulu, mafuta ophikira okwana mamililita 200, supuni imodzi yaikulu ya viniga woyera kapena madzi a ndimu, supuni imodzi yaing'ono ya mastadi, mchere wotsina ndi zala, ndi theka la supuni yaing'ono ya shuga. Mafuta abwino ndi a mpendadzuwa kapena a rapeseed, omwe ku Britain nthawi zambiri amagulitsidwa ndi dzina lakuti vegetable oil, chifukwa alibe fungo lawolawo. Musanyengedwe ndi mafuta a extra virgin olive poganiza kuti chokwera mtengo ndiye chokoma, popeza amaphimba kakomedwe ka zina zonse, ndipo akamenyedwa ndi makina amatha kuyamba kuwawa. Viniga wofiirira amene Angerezi amathira pa chipisi amadetsa mayonezi, choncho sankhani woyera ngati madzi.

Nkhani ya dzira ndi yofunika kuisamala chifukwa silidzaphikidwa. Ku Britain gulani mazira okhala ndi chidindo cha mkango wofiira, otchedwa British Lion, amene amaikiridwa ndi nkhuku zolandira katemera wa salmonella, tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Mu 2017 bungwe la boma loona za chitetezo cha zakudya la Food Standards Agency linalengeza kuti mazira a chidindo chimenechi akhoza kudyedwa osapsa ngakhale ndi ana, amayi oyembekezera ndi okalamba, koma chilolezochi sichikhudza mazira a abakha kapena a nkhuku za kuseri kwa nyumba. Ku America ndi m'mayiko ena kumene kulibe chidindo chotere, funani mazira olembedwa kuti pasteurized, kutanthauza kuti anatenthetsedwa pang'ono kuti tizilombo tife, makamaka ngati odzadyawo ndi ana aang'ono kapena odwala. Dzira ndi mafuta zikhale zotentha mofanana ndi chipinda, choncho ngati dziralo linali mu firiji, litulutseni kutatsala theka la ola.

Kuti mumvetse chifukwa chake mafuta amathiridwa mwaulemu, kumbukirani kuti mafuta ndi madzi sizigwirizana. Pafupifupi theka la chikasu cha dzira ndi madzi, ndipo viniga nayenso ndi madzi. Chimene chimaziyanjanitsa ndi zinthu zina za m'chikasumo, makamaka lecithin, zimene zimakuta timadontho ting'onoting'ono ta mafuta kuti tisabwererane n'kukhalanso dziwe limodzi. Ntchito ya dzanja lanu ndi kuphwanya mafuta kukhala timadontho timeneti, ndipo mukathira mafuta ambiri nthawi imodzi poyambirira, dzanja limalephera kuwaphwanya onse, ndiye zonse zimangokhala msuzi wachikasu woyandama mafuta.

Ikani mbale yakuya pa kansalu konyowa kuti isamazungulire patebulo. Thiranimo chikasu cha dzira, mastadi, mchere ndi theka la viniga, ndipo mumenye ndi kawaya komenyera mazira kwa mphindi imodzi. Kenako yambani kuthira mafuta dontho limodzilimodzi, pogwiritsa ntchito nsonga ya supuni yaing'ono, uku dzanja linalo likumenya osaleka. Apa m'pamene pamafunika mtima wa munthu wosenda mtedza, chifukwa mphindi ziwiri kapena zitatu zoyambazi zimaoneka ngati palibe chikuchitika. Mukathira pafupifupi masupuni aakulu atatu, mudzaona kuti mtundu wayamba kuyererako, kawaya kakusiya mizere yosafufutika msanga, ndipo phokoso la m'mbale lasintha kuchoka pa kukhuvula kwa madzi kufika pa kuphaphatha kwa phala lolimba. Zikatero mukhoza kuthira mafuta motsetsereka ngati kaulusi, mukumaima pang'ono nthawi iliyonse imene mwaona mafuta akunyezimira pamwamba, mpaka atalowa onse. Pomaliza thirani viniga wotsalayo ndi shuga, lawani, ndipo muwonjezere viniga pang'onopang'ono kufikira lilime lanu litakumbuka kwathu. Chodabwitsa kwa woyamba kumene n'chakuti mafuta akamachuluka mayonezi amalimba, ndipo chowafewetsa ndi madzi, moti akakhala olimba ngati Stork, supuni yaing'ono ya madzi ofunda ndiyo mankhwala ake.

Amene ali ndi makina ogwira m'manja otchedwa hand blender angathe kumaliza zonsezi pasanathe mphindi imodzi. Mufunika botolo kapena kapu yaitali imene kukula kwa pansi pake kukungoposa pang'ono mutu wa makinawo. Swerani dzira lathunthu m'botolomo, thirani mastadi, mchere, shuga ndi viniga, kenako mafuta okwana mamililita 250 onse nthawi imodzi, ndipo mudikire pang'ono kuti dzira likhazikike pansi. Tsitsani makina mpaka pansi penipeni kuti aphimbe chikasu, yatsani, ndipo musawasunthe kwa masekondi 15 kapena 20, mpaka mutaona zoyera zikukwera m'mbali mwa botolo. Kenako akwezeni pang'onopang'ono kuti azikoka mafuta otsala pamwamba. Njira imeneyi imakanika kawirikawiri botolo likakhala lotakasuka kwambiri, chifukwa makina amameza mafuta asanakumane ndi dzira.

Mayonezi akalekana, mafuta n'kumayandama, musawataye. Tengani mbale ina youma, ikanimo chikasu cha dzira lina, ndipo muzithira zolekanazo pang'onopang'ono ngati mmene munathirira mafuta poyamba, uku mukumenya. Zimagwirananso bwinobwino. Kwa amene sadya mazira kapena akuopa dzira laliwisi, mkaka wa ng'ombe wosachotsedwa mafuta umalowa m'malo mwake pogwiritsa ntchito makina omwewo: mamililita 100 a mkaka pa mamililita 200 a mafuta, ndipo viniga muthire pomalizira zitayamba kale kulimba.

Mayonezi a panyumba alibe mankhwala oteteza kuwonongeka, choncho asungeni m'botolo lotsekedwa mu firiji yozizira madigiri 5 kapena kutsika apo, ndipo adyedwe pasanathe masiku atatu. Musawaike mu firiza, chifukwa akauma n'kusungunuka amalekana. Ngati mukufuna a chipisi, takasirani supuni yaing'ono ya tsabola wa Nali kapena kambuzi wosinja mu kambale kapadera, osati m'botolo lonse, popeza si onse a m'nyumba amene amapirira tsabola. Ngati ndi a saladi wa pa mwambo, wazani kamchere pa kabichi wodulayo, musiye theka la ola m'sefa, kenako mum'finye ndi manja kuti madzi achoke, apo ayi madziwo adzatulukira m'mbale n'kusungunula mayonezi anu alendo asanayambe kugawa. Nyamulani kabichi payekha, mayonezi pawokha m'chikwama chozizira, ndipo mukasakanize mutafika kuholo, nthawi ya chakudya itayandikira.