MacBook kapena Windows? Mmene mungasankhire laputopu osadzalira pambuyo

Mkangano wa MacBook ndi Windows sumatha, a Mac amati zawo sizimajama, a Windows amati mukungogula chithunzi cha apulo chakumbuyoko, koma munthu amene wasunga ndalama miyezi yambirimbiri kuti agule laputopu imodzi mkanganowu sumuthandiza kwenikweni. Ineyo ndimati musanafunse kuti yabwino ndi iti, tengani pepala mulembe mapulogalamu amene muzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa nkhani yambiri imathera pomwepo.

Pali mapulogalamu ena pa Mac kulibe basi. Microsoft Access, ArcGIS Pro, Revit, SolidWorks, CSPro, onsewa ndi a Windows okhaokha, nde ngati mukugulira mwana amene akupanga engineering ku MUBAS kapena mumagwira ntchito za mapu ndi kafukufuku, funsani kaye aphunzitsi kapena akuntchito zomwe amagwiritsa ntchito. Word, Excel, Zoom, SPSS, Stata, QGIS ndi Photoshop zimenezo zilipo mbali zonse ziwiri. Wina akuuzani kuti palibe vuto muikamo Windows mu Mac momwemo, zinali zoona kale pa ma Mac a Intel kudzera pa Boot Camp, koma kuyambira pomwe Apple inabweretsa tchipu yake ya M1 mu November 2020 njira imeneyo inatsekedwa, pano mumayenera kudalira zinthu ngati Parallels yomwe ndi yolipira ndipo si mapulogalamu onse amayenda bwino mmenemo.

Komano pa batile tisanamizane, MacBook Air ya M1 kupita mtsogolo ilibe mnzake pa mtengo wake. Apple inkati imafika maola 18 mukuonera vidiyo, pa ntchito yeniyeni sifika pamenepo koma imakupirirani kuchoka mmawa mpaka madzulo, ndipo kuno kwathu komwe magetsi amatha kuthima tsiku lonse imeneyi si nkhani yaing'ono. Ilibenso fani, nde simakoka fumbi la mwezi wa October kulowetsa mkati. Ngati ntchito yanu ndi kulemba, ma miting'i a pa intaneti, kukonza zithunzi ndi mavidiyo, ndipo ndalama zikukwana, gulani Air musachite manyazi. Vuto lake ndi loti RAM ndi SSD anaziwotcherera pa bodi, mukagula ya 8GB ndi 256GB mudzakhala nayo choncho mpaka kalekale, palibe zokawonjezera kwa akonzi. Sikirini ikasweka kapena bodi ikafa zipangizo zake nthawi zambiri ndi zoitanitsa kunja ndipo mtengo wake umatha kuyandikira wa laputopu ina. Muonjezerenso ndalama ya adaputa, poti Air ya M1 ili ndi mabowo awiri okha a USB-C, fulashi wamba ndi waya wa pulojekita sizingalowe popanda kachipangizo kameneko. Ndipo ma fulashi ndi ma hard drive anu muwafomate kukhala exFAT chifukwa Mac imawerenga NTFS, fomati ya Windows, koma siilembamo, mudzadabwa mukukanika kukopa fayilo ku shopu yosindikiza.

Ma Mac a Intel ine sindikulangizani pano ngakhale atatchipa bwanji. Apple inanena kale kuti macOS 26 ndi yomaliza kwa iwo, ndipo a pakati pa 2016 ndi 2019 ambiri ali ndi kiyibodi ija yopyapyala yomwe kafumbi kakangolowa batani limasiya kugwira.

Tsono kwa ambirife, ana asukulu, aphunzitsi, a bizinezi, ndimaona kuti njira yanzeru ndi laputopu ya Windows ya mtundu womwe makampani amagulira antchito awo, ThinkPad ya T, HP EliteBook kapena Dell Latitude, ngakhale yakaunjika. Zimenezi anazipanga kuti zizitsegulidwa ndi sikuludiraiva wamba, ma chaja ndi mabatile ake amapezeka mtauni ku Limbe ngakhale ku Lilongwe, ndipo mkonzi aliyense wodziwa ntchito anazigwirapo kale. Mwachitsanzo ThinkPad T480 ya 2018 ili ndi malo awiri a RAM, mukhoza kugula ya 8GB lero nkudzawonjezera chaka chamawa zinthu zikayenda.

Apa pali pomwe anthu ambiri amapusitsidwa nde mumvetsetse. Wogulitsa amangoti "iyi ndi Core i7 bwana" inu nkusangalala, osadziwa kuti i7 yakale imagonja kwa i5 yatsopano. Yang'anani nambala yonse, i7-6600U ndi jeneresheni ya 6, i5-8250U ndi ya 8, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndi imene ikukuuzani msinkhu wake, koma kuyambira jeneresheni ya 10 mumawerenga manambala awiri oyamba. Jeneresheniyi ndi yofunika chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya jeneresheni ya 8 kupita mmwamba kapena, pa ma laputopu a AMD, Ryzen 3000 kupita mmwamba, komanso katchipu ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ena amaikakamiza Windows 11 pa makina akale kenako nkumakuonetsani kuti onani ili ndi 11, musangokhulupirira zimenezo, tsegulani Settings, System kenako About muwerenge nokha dzina la pulosesa. Muonetsetsenso kuti muli SSD osati hard disk yozungulira ija, ndipo zatsopano zonyezimira za Celeron, RAM 4GB ndi eMMC ya 64GB zisiyeni, zimakoma mmaso mu katoni koma mukatsegula ma tabu angapo a Chrome zayamba kale kukwawa.

Chromebook, laputopu yoyendera sisitimu ya Google, ndi yabwino kwa munthu amene intaneti kwake si vuto, koma kwa wodalira bandulo ya pafoni imatopetsa, komanso iliyonse ili ndi chaka chomwe Google imasiya kuitumizira ma update nde fufuzani musanagule. Ngati muli kale ndi laputopu yakale yomwe ikukana Windows 11 musaitaye, ikanimo SSD ndi Linux Mint, sisitimu yaulere yolowa mmalo mwa Windows, ikutumikiraninso.

Tsiku logula musapite mothamanga ndipo musalipire makina ali ozima. Pa Windows tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, ituluka fayilo yosonyeza design capacity ndi full charge capacity, yachiwiriyo ikakhala theka la yoyambayo dziwani kuti batile yatha ndipo mtengo utsike. Lowaninso mu BIOS muone ngati sikufunsa password, chifukwa zambiri zochokera kumakampani akunja zimabwera zokhoma. Pa Mac tsegulani System Information pa Power muone cycle count, Apple imawerengera batile zake pa 1000, nde ikayandikira pamenepo konzekerani zosintha. Chachikulu koposa pa Mac, wogulitsayo atulutse akaunti yake ya iCloud inu mukuona, azimitse Find My, aifufute yonse kenako muiyambitse nokha ili pa intaneti mpaka ifike pa desktop. Ikangofunsa Apple ID ya munthu wina kapena kulemba za Remote Management bwezani pompo, ngakhale atakuuzani kuti pali mnyamata amatsegula, chifukwa loko imeneyo imatha kubwereranso mukadzangoifomata.

Kenako dinani batani lililonse la kiyibodi mu Notepad kapena Notes, tsegulani chithunzi choyera mbuu muone madontho pa sikirini, yesani kamera, ma sipika, Wi-Fi ndi bowo lililonse ndi fulashi yanu, pindani chivindikiro kangapo mumve ngati mahinji sakulira. Ngati imachajidwa ndi USB-C funsani ma watt a chaja yake, kuti mukadzagula power bank ya PD, yomwe imachaja laputopu kudzera pa USB-C, idzathe kuikoka magetsi akathima. Ndipo risiti ikhale ndi serial number ya makinawo komanso masiku omwe mwagwirizana kuti mukhoza kubweza ikavuta, zolembedwa osati zapakamwa.