Momwe mungasinthire fomu yomwa madzi m'boti lakale la faiba

Boti la faiba logulidwa lakale kunyanja, monga ku Nkhotakota kapena ku Salima, n'kudzaikidwa pa damu la esiteti kuno ku Kasungu kapena pa mtsinje wa Bua, lingaoneke labwino kunja pamene pansi pake labisa katundu wa madzi. Pakati pa thupi la boti ndi pansi popondapo pamakhala fomu, chinthu chopepuka chokhala ndi timabowo tambirimbiri ta mpweya, yomwe ntchito yake ndi kuyandamitsa boti likabooka kapena likadzaza madzi. Fomu ya malita 100 imalemera pafupifupi makilogalamu 3 okha, pamene madzi a malita 100 amalemera makilogalamu 100, motero imatha kunyamula makilogalamu oposa 90 pamadzi. Koma ikakalamba timabowo take timaphwanyika, imamwa madzi, ndipo boti limamira kwambiri kumbuyo, limapendekera mbali imodzi, injini nkumadya petulo wochuluka.

Yambani ndi kuyeza. Boolani kabowo kakang'ono pansi popondapo chakumbuyo, lowetsani kapaipi kuti katuluke ndi chidutswa cha fomu, kenako chifinyeni ndi zala. Chikatulutsa madzi, fomu yonse ya m'chipinda chimenecho iyenera kuchoka. Ena amayanika boti padzuwa la mwezi wa October poganiza kuti iuma, koma imangouma pamwamba pokha.

Khazikani boti pa matabwa kapena pa matayala kuti lisapindike, chifukwa mukachotsa pansi popondapo thupi lake limafooka. Dulani pansipo ndi galayinda mosazamitsa, mukusiya mlomo wa masentimita 5 mpaka 8 m'mbali monse woti mudzagwirizirepo thabwa latsopano. Valani masiki, magalasi, magolovesi ndi malaya a manja aatali, pakuti fumbi la faiba limayabwa ndiponso limawononga mapapo. Ngati thanki ya petulo ili m'botimo, itulutseni musanayatse galayinda. Fomu yakale iduleni m'zigawo ndi sowo, kenako muzule ndi fosholo, ndipo zotsalira zomatirira muzipale mpaka faiba ionekere.

Apa ndi pamene ntchito yambiri imaonongekera, chifukwa cha changu chofuna kutseka. Madzi amene ananyowetsa fomu amakhala atafikanso pa matabwa okutidwa ndi faiba amene amayenda m'litali mwa boti, komanso pa thabwa la kumbuyo lomangapo injini. Bayani matabwawo ndi sikuludiraiva: akalowa mofewa kapena akatulutsa madzi akuda, awola, ndipo ayenera kusinthidwa ndi pulayiwudi wosaopa madzi, wopakidwa rezini (chomatira chamadzimadzi chimene chimalimba chikauma) mbali zonse ndi kukutidwa ndi nsalu ya faiba. Funaninso pamene madzi ankalowera. Kawirikawiri ndi m'mabowo a misomali ya mipando, m'ming'alu ya pansi pamene boti limakhula mchenga polikoka, kapena pa chotsekera chotulutsira madzi. Matani monsemo, ndipo siyani boti pamthunzi wopita mphepo mpaka liumiretu mkati. N'chifukwa chake ntchitoyi imayenera miyezi ya August mpaka October, mvula isanayambe.

Fomu yoyenera ndi ya polyurethane ya timabowo totsekeka, yobwera m'zitini ziwiri zimene zimasakanizidwa mofanana. Imafuna kutentha kwa madigiri 24 kapena kuposerapo pang'ono, motero m'mawa wozizira wa June kapena July siifufuma mokwanira. Konzerani zonse musanatsegule zitini, chifukwa mukatakasa kwa masekondi 20 mpaka 30 imayamba kukwera pasanathe mphindi imodzi, ndipo lita imodzi imafufuma kufika malita 25 kapena kuposa. Thirani pang'onopang'ono, kuyambira potsika, ndipo dikirani mphindi 15 mpaka 20 musanathirenso ina. Ndi bwino kuthira fomu pansi popondapo pasanatsekedwe, n'kudula yotumphuka ndi sowo ikauma. Mukathira kudzera m'mabowo, siyani mabowo ena opumira, apo ayi mphamvu yake itukula thabwa. Gwirirani ntchito panja chifukwa mpweya wake ndi woopsa, ndipo pansi penipeni siyani kangalande koti madzi azitsikira kumbuyo.

Fomu imeneyi ikasowa, mabotolo apulasitiki otsekedwa zolimba ndi kupanikizidwa bwino m'zipindamo amathandiza. Fomu yoyera yotetezera mafiriji m'makatoni si yodalirika, popeza imasungunuka ikakhudzana ndi petulo kapena rezini ya polyester.

Pomaliza khomani thabwa latsopano lopakidwa rezini kunsi kwake, likuteni ndi nsalu ya faiba kufikira m'mbali, ndipo bowo lililonse la msomali mulithire chomatira. Liyeseni botilo pamadzi osaya, pafupi ndi gombe, musananyamule anthu.